Galaja ya ku Kapata imene imamanga mabawuti a topu kava ndi muyeso

Galimoto yanga ndi Toyota Corolla ya chaka cha 2004, ya mtundu wa NZE121, ndipo ili ndi injini ya 1NZ-FE ya malita 1.5, yomwe imapezekanso mu Probox, mu IST, mu Allion ndi m'magalimoto ena ambiri amene adzaza misewu ya Chipata. Ndimayenda nayo kwambiri pakati pa Chipata ndi Katete, ndipo kawiri kapena katatu pachaka ndimapita nayo ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 550 pa Great East Road. Ndikulemba za galaja ina ya kufupi ndi msika wa Kapata, kumene mwezi wa July anandisinthira gasiketi (mphira wotchinga oyilo kuti asachuche) ya chivundikiro cha pamwamba pa injini, chimene amakanika athu amachitcha topu kava. Dzina la galajayo sindilitchula, chifukwa eni ake sanandipemphe kuti ndiwalengeze, komanso pa zimene ndinene pali zoyamikira ndi zodandaula zomwe.

Vuto linayamba ndi fungo. Ndikaima pa mphambano, m'galimoto munkalowa fungo la oyilo wopserera, ndipo tsiku lina nditakwera zitunda za pakati pa Nyimba ndi mlatho wa Luangwa ndinaona kautsi kakutuluka m'mbali mwa boneti. Injini imeneyi ili ndi mapaipi a ekizozi kumbuyo, mbali yoyandikana ndi anthu okwera, choncho oyilo wochucha kumbuyo kwa topu kava amagwera pa chitsulo chotentha n'kupsa asanafike pansi. N'chifukwa chake pamene ndinkaimika galimoto usiku panalibe dontho ngakhale limodzi, pomwe oyilo wa mu injini ankacheperachepera.

Makanika woyamba amene ndinamuonetsa, wa m'mbali mwa msewu, sanafunse zambiri. Anatenga sipanala ya nambala 10 ya chigwiriro chachitali n'kukoka bawuti iliyonse mpaka mitsempha ya padzanja kuonekera, kenako anati, "Bwana, inali chabe yomasuka, lomba yalimba." Fungo linasiya kwa sabata imodzi, n'kubweranso moposa kale. Nditabwerera anaika gasiketi yatsopano, nayimata ndi silikoni wofiira kuzungulira konse ngati akumata nkhokwe, ndipo anamanganso mabawuti ndi mphamvu yomwe ija. Bawuti imodzi ya kumbuyo inangoyamba kuzungulira osagwira, iye n'kunena kuti zinazo zikwanira. Patapita masabata atatu injini inayamba kunjenjemera m'mawa, ndipo ndipamene mnzanga wina woyendetsa takisi pa msewu wa ku Mwami anandilozera ku galaja imene ndikunenayi.

Chinthu choyamba chimene chinandikhazika mtima pansi n'chakuti mmisiri wamkulu wa pamalopo, bambo wa imvi zake ndithu, anakana kumasula chilichonse tsiku loyambalo. Anauza anyamata ake kuti atsuke injini yonse ndi mankhwala ochotsa mafuta, nandiuza kuti ndiyende nayo tsiku limodzi kenako ndibwere, kuti aone pamene oyilo akutulukira kwenikweni. Iwo anati, "Akulu, injini yothimbirira imanamiza. Oyilo amayenda ndi mphepo, ndiye mungasinthe gasiketi pomwe vuto lili pena." M'mawa mwake panaoneka mzere wonyowa kuchokera pa bawuti yakufa ija, ndiponso m'mabowo awiri mwa anayi a mapulagi munali oyilo, amene ananyowetsa mphira wa makoyilo, tizipangizo topereka magetsi ku mapulagiwo. Kunjenjemera kwa injini kunkachokera pamenepo.

Anachotsanso kavalavu ka PCV, kamene kamakhala pa topu kava pomwepo ndipo ntchito yake ndi kutulutsa mpweya wodzikundikira m'kati mwa injini kuti ukapsere m'masilinda. Anakagwedeza pafupi ndi khutu kuti amve ngati kampira ka m'kati kakusewera, ndipo anakatsuka. Kavalavu kameneka kakatsekeka, mpweya umasowa potulukira n'kumakankha oyilo pa gasiketi iliyonse yofooka, moti ngakhale gasiketi yatsopano sichedwa kuchucha. Makanika woyamba uja sanakakhudze n'komwe.

Chodandaulitsa choyamba chinabwera apa. Galajayi sisunga zipangizo, choncho ananditumiza ndekha kukagula gasiketi m'mashopu a m'tauni, ndipo yoyamba imene ndinabweretsa anaikana. Anaipinda ndi zala n'kundionetsa kuti mphira wake ndi wouma komanso wopyapyala kuposa mmene ngalande ya mu topu kava imafunira. Sindikutsutsa kuti ananena zoona, koma akanandiuza ndisanapite zoti ndiyang'ane, kapena akanandipatsa mnyamata woti andiperekeze, sindikanayenda maulendo awiri. Yachiwiri, yodulirapo, inali yofewa ndipo inkabwerera m'malo mwake ukaifinya.

Atatsegula topu kava, injini itazizira bwinobwino, ndinaona ndi maso anga zimene silikoni uja anachita. Anafinyikira m'kati n'kupanga tizingwe tolendewera pamwamba pa makamushafiti, zitsulo zozungulira zimene zimatsegula mavalavu a injini, ndipo tina tinali titaduka kale. Tizidutswa totere timayenda ndi oyilo mpaka kukaunjikana pa sefa ya paipi imene pampu imakokera oyilo, kapena pa kasefa kakang'ono ka VVT-i, chipangizo chimene chimasintha nthawi yotsegukira mavalavu, ndipo pamenepo nkhani imakhala itachoka pa fungo n'kufika pa moyo wa injini. Mmisiriyo anatola tizidutswato kamodzikamodzi, anapala zotsalira pa hedi (chigawo cha pamwamba cha injini, pamene topu kava imakhala) ndi kachipangizo kapulasitiki m'malo mwa mpeni kuti asakande aluminiyamu, ndipo anagoneka topu kava pa galasi lathyathyathya kuti aone ngati inapindika. Mwamwayi sinapindike. Bowo la bawuti yakufa ija analiboola pang'ono, n'kudulamo mathiredi atsopano, timizere timene bawuti imagwiramo, ndi kulowetsamo kawaya kopota kamene amakatcha Helicoil, kuti bawuti ya msinkhu womwe uja igwirenso. Ntchito imeneyi yokha inatenga pafupifupi ola lathunthu, chifukwa anatseka malo onse ozungulira ndi nsalu yoyera kuti tizitsulo tisagwere mu injini.

Ndifike tsopano pa chimene chandichititsa kulemba, chomwe ndi kamangidwe ka mabawuti. Ambirife timaganiza kuti chinthu chikachucha ndiye kuti sichinamangidwe mokwanira, monga mmene zimakhalira ndi mpopi wa madzi, ndipo ine ndemwe ndinasangalala pamene makanika woyamba ankakoka sipanala ndi thupi lonse. Koma gasiketi ya topu kava ndi mphira wokhala m'ngalande, ndipo umatseka oyilo chifukwa cha kufewa kwake, pofuna kubwerera mmene unalili utapanikizidwa. Ukakalamba ndi kutentha kwa zaka zambiri umauma n'kusiya kubwerera, ndipo palibe mphamvu ya dzanja imene ingaubwezere kufewa kuja. M'mainjini ambiri a masiku ano, chivundikiro chikafika pokhala bwino pa hedi ndiye kuti mphira wapanikizika kale mokwanira, ndipo mphamvu iliyonse yowonjezera imathera pa bawuti ndi pa mathiredi. Mabawutiwa ndi aang'ono, a mamilimita 6 m'mimba mwake, mutu wake wa sipanala ya nambala 10, ndipo amalowa mu aluminiyamu, yomwe ndi yofewa kuposa chitsulo cha bawuti. Choncho chimene chimagonja ndi hedi, chinthu chodula koposa pa malo onsewo.

Buku la okonza injini ya 1NZ-FE limanena kuti mabawuti 9 ndi manati 2 a topu kava amangidwe pa 10 N·m (N·m ndi muyeso wa mphamvu yopotozera bawuti). Nambala imeneyi siimveka msanga kwa munthu wamba, choncho ndiyerekezere. Sipanala ikakhala yotalika masentimita 20, mphamvu ya 10 N·m ikufanana ndi kukoloweka thumba la ufa la makilogalamu 5 kumapeto kwa chigwiriro chake, ndipo mwana wa giredi 4 amanyamula thumba lotere kuchokera ku chigayo osapumira. Manati a mateyala a Corolla yomweyi amamangidwa pa 103 N·m, kuwirikiza kakhumi. Dzanja limene lazolowera kumanga mateyala tsiku lonse silingamve kuti 10 yafika liti, ndipo n'chifukwa chake ndimakayikira makanika aliyense wonena kuti muyeso uli m'dzanja lake.

Mmisiri wa ku Kapata ali ndi masipanala awiri oyezera mphamvu, amene amawatcha torque wrench. Yaikulu, ya mateyala ndi mabawuti a hedi, anaisiya m'bokosi, natulutsa yaing'ono imene imayeza kuyambira 5 mpaka 25 N·m. Nditafunsa chifukwa chake, anandiuza kuti yaikuluyo imayambira pa nambala yoposa 10, ndipo sipanala yoyezera siidalirika ukaigwiritsa ntchito kumunsi kwenikweni kwa manambala ake. Zimenezi n'zoona, ndipo n'zimene magalaja ena amene amadzitama kuti ali ndi torque wrench amaphonya, chifukwa amakhala ndi imodzi yokha yaikulu. Anandichenjezanso za msampha wina umene umakola achinyamata oona manambala pa foni. Mabuku ena amalemba mphamvu yomweyi m'miyeso ina, ena ngati 89 in-lb, ena ngati 7 ft-lb, ndipo munthu akatenga 89 n'kuitchera pa sipanala yowerenga ft-lb, amakhala akumanga pa mphamvu yoposa 120 N·m, kuposa ya nati ya teyala, ndipo kabawuti kameneka kamaduka isanafike n'komwe nambalayo.

Asanaike chivundikiro anapemerera mpweya m'mabowo onse a mabawuti, chifukwa oyilo wotsalira pansi pa bowo amatsekereza bawuti isanafike, sipanala n'kulira ngati yamanga pomwe gasiketi sinapanikizike, ndiponso mathiredi onyowa ndi oyilo amaterera n'kuchititsa kuti bawuti ikoke kwambiri kuposa mmene nambala ikusonyezera. Gasiketi anailowetsa m'ngalande youma, pamodzi ndi mphira wozungulira mabowo a mapulagi. Silikoni anaika pa malo awiri okha, timadontho takuda tosaposa njere ya nyemba, pamene chivundikiro cha tcheni chimakumana ndi hedi, popeza pamenepo pali kampata kamene mphira paokha sungatseke. Atangoika timadonthoto anafulumira kuvundikira, chifukwa buku limapereka mphindi 3 zokha silikoni asanayambe kuuma pamwamba. Ndi nthawi yokhayo imene ndinawaona akufulumira tsiku lonselo.

Mabawuti onse anawayamba ndi zala, osati ndi sipanala, mpaka iliyonse itakhudza chivundikiro. Bawuti yolowa mopendekeka imamveka pa zala nthawi yomweyo, pomwe sipanala imaikakamiza n'kudya mathiredi mwini wake osadziwa. Kenako anatchera torque wrench pa 5, nayamba ndi mabawuti a pakati, kupita mbali ino ndi mbali inayo mopingasa mpaka kumalekezero, monga mmene mayi wosalaza mtanda amayambira pakati kukankhira kunja. Atamaliza anaitchera pa 10 n'kubwereza njira yomweyo, ndipo kachitatu anangodutsamo kutsimikiza kuti oyamba aja sanamasuke pamene anzawo ankamangidwa. Cholinga cha dongosolo limeneli n'chakuti chivundikiro chitsike mofanana. Munthu akamanga kona imodzi mpaka kumapeto, chivundikiro chimapendekeka, mphira umafinyika mbali ina n'kutsala wotakasuka mbali ina, ndipo nthawi zina umatuluka m'ngalande. Ndinaona kuti ankakoka pang'onopang'ono atagwira pakati pa chigwiriro, ndipo sipanala ikangoti "kha" ankaleka pomwepo. Mnyamata wina amene anamupatsa kuti amange mabawuti a makoyilo, amene amafuna 9 N·m, analiza sipanala kawiri pa bawuti imodzi, ndipo anadzudzulidwa ine ndili pomwepo: "Mwana wanga, ikalira kamodzi yakuuza kale. Kachiwiri ukuwonjezera." Pomaliza anabwezera sipanalayo pa nambala yotsikitsitsa asanaisunge, kuti sipuling'i ya m'kati isatope.

Ndinene pang'ono za chisokonezo chimene ndimachimva kawirikawiri pokambirana ndi anzanga. Gasiketi ya topu kava si gasiketi ya hedi. Ya hedi imakhala pansi, pakati pa hedi ndi buloko (thunthu la injini mmene muli masilinda), imatchinga moto wa m'masilinda ndi madzi, ndipo mabawuti ake pa injini yomweyi amamangidwa pa 29 N·m kenako kupotozedwa madigiri 90 kawiri. Munthu akakuuzani kuti "gasiketi yapita" funsani kuti ndi iti, chifukwa mitengo ya ntchito ziwirizi ndi yotalikirana kwambiri.

Ntchito itatha ndinatambasula dzanja kuti andipatse makiyi, koma anawaika m'thumba mwawo. Anati injini isalizidwe mpaka patadutsa maola 2, kuti silikoni agwire, ndipo bukulo limanenadi choncho. Ndinali nditatopa ndiponso ndinali ndi msonkhano madzulo, moti ndinang'ung'udza, koma iwo anangoseka nati kuona maso a nkhono n'kudekha, nandilozera kumene amayi amagulitsa nsima mu msika. Lero ndikuvomereza kuti anachita bwino, ngakhale kuti akanandiuza m'mawa ndikanakonza tsiku langa mwa njira ina.

Kusasunga nthawi ndiye chilema chachikulu cha galajayi. Tinapangana 8 koloko, koma anayamba ntchito yanga itadutsa 10 koloko chifukwa panabwera minibasi imene mwini wake ndi kasitomala wakale, ndipo palibe amene anapepesa. Malo odikirira palibe, kupatula benchi imodzi ndi mpando wakale wa galimoto pansi pa mtengo wa mango. Bwalo ndi lafumbi, ndipo mphepo ya July inkaulutsa dothi injini ili yotsegula. Mmisiriyo ankaphimba ndi nsalu nthawi iliyonse akachokapo, koma munthu wosamala chotere anayenera kukhala ndi kachipinda kotchinga kapena simenti pansi. Komanso tsiku lotsatira nyali ya injini inayaka pa dashibodi, ndipo nditabwerera anapeza kuti mnyamata wina sanakankhe pulagi ya waya wa koyilo yachitatu mpaka kugwira. Anakonza m'mphindi zochepa osandilipiritsa, koma zinandionetsa kuti luso la pamalopo lili mwa munthu mmodzi, ndipo iye akatembenuka anyamata amatha kuphonya. Amene akupita kumeneko aumirire kuti mkuluyo ndiye amange topu kava ndi kuyendera ntchito yonse asanatseke boneti.

Pa nkhani ya mtengo, ndalama ya ntchito inali pafupifupi kuwirikiza kawiri imene ndinapereka kwa makanika woyamba, ndipo ya Helicoil anawerengera payokha. Ananena mtengowo asanayambe ndipo sanausinthe pamapeto, chinthu chimene sichichitika paliponse. Ndikaphatikiza maulendo awiri a kwa woyamba uja, gasiketi imene inawonongeka, oyilo amene ndinkathira sabata ndi sabata, ndi bowo limene linafunika kukonzedwa, ntchito yotchipa ija ndi imene inandidyera ndalama zambiri.

Kuchokera mu July galimotoyi yapita ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba kumapeto kwa August, itadzaza abale, yayenda msewu wa ku Chadiza kangapo, ndipo mu October, dzuwa likuswa mtengo, ndinapita nayo ku Lusaka n'kubwerera. Ndinaima ku Luangwa n'kupisa dzanja ndi pepala loyera kumbuyo kwa topu kava injini itazizirako, ndipo pepalalo linatuluka ndi fumbi lokha. Mabowo a mapulagi ndi ouma, kunjenjemera kwa m'mawa kunatha, ndipo oyilo pa kandodo koyezera sanatsike pa mzere umene anali. Nditapitanso kukasintha oyilo ndinawapempha kuti akhwimitseko mabawuti aja pang'ono poopa kuti amasuka ndi mabampu. Anayesa ndi sipanala yaing'ono ija pa 10, yonse inalira osasuntha, ndipo anakana kuwonjezera.

Kwa amene ali ndi injini ya aluminiyamu imene ikuchucha pamwamba, ndipo angathe kusiya galimoto tsiku lathunthu, galajayi ndikuivomereza. Amene akufuna ntchito ya ola limodzi asapiteko, chifukwa adzangokangana ndi mkuluyo. Amene ali kutali, ku Lundazi kapena ku Petauke, angathe kuyesa makanika wawo pomufunsa kuti mabawuti a topu kava ya galimotoyo amamangidwa pa nambala yanji ndi kumupempha kuti aonetse sipanala imene ayezere, popeza nambala imasiyana malinga ndi injini ndipo 10 N·m ndi ya 1NZ-FE. Chotsala chimene sindinakhutire nacho ndi lisiti. Galajayi silemba kalikonse, ndipo nditaumirira anandipatsa kapepala kong'ambidwa m'kope kolembedwa ndalama yokha. Tsiku, makilomita a pa dashibodi, mtundu wa gasiketi ndi bowo limene muli Helicoil ndinalemba ndekha m'kabuku kamene ndimasunga m'galimoto, kuti makanika wina aliyense amene adzatsegule pamenepo adzadziwe kuti bawuti yachiwiri ya kumbuyo ili m'bowo lokonzedwa.